Buku Lopyapyala, Mtengo Wonenepa

Ndimasoka nsalu za masofa m'komboni la Kalingalinga, m'shedi ya amalume anga, m'mbali mwa msewu waukulu momwe akalipentala ndi owotcherera zitsulo amayala katundu wawo kuti odutsa pagalimoto aone. Amalumewo amakhoma matabwa, ine ndimadula siponji ndi kusoka zovala za mipandoyo. Ndi mlongo wawo wa amayi anga, ndipo ndi amene anandikhazika pamashini nditasiya sukulu. Agogo athu anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji, choncho m'nyumba timayankhula Chichewa cha kumudzi. Koma tikangotuluka pageti lilime limatembenuka lokha, zinthu zimasanduka vinthu.

Kuwerenga ndinakuyambira pa mbaula. Bambo anga anali wophika kumayadi, ndipo mabwana awo akamasamuka ankawapatsa mabuku akale oti tiziyatsira moto. Ine ndinkawabisa kunsi kwa mphasa. Chingerezi changa chambiri ndinachitola m'mabuku opanda zikuto amenewo, moti mpaka lero pali mawu ena amene ndimawadziwa tanthauzo koma kuwatchula ndimaopa.

Mabuku a mayi amene ndikufuna kunena pano ndinawapeza ndili kale mayi wa ana awiri. Ndinapita m'tauni kukagula ulusi, ndipo kwa bambo wina woyala mabuku akale pansi ndinaona limodzi lokhala ndi chithunzi cha mkazi atasenza chipanda chachikulu, mitambo ikumutsatira kumbuyo. Kuseri kwa chikuto kunalembedwa kuti wolembayo anabadwira ku Matero, komboni lina la mumzinda wathu uno, koma amakhala kutsidya kwa nyanja. Ndinaligula chifukwa cha mawu akuti Matero basi. Sindinkadziwa kuti munthu wa m'komboni ngati ine angalembe buku lonenepa choncho.

Nkhani yake inali ya dziko longopeka, kumene mafumu anamanga mitambo ndi zingwe pamwamba pa phiri kuti mvula izigwa m'minda mwawo mokha. Mkazi wa chipanda uja ankakwera phirilo mobisa, kuba mvula, n'kukaikhuthula m'midzi ya anthu osauka. Munali mbalame zazikulu zonyamula amalonda a mchere, mitsinje yoyankhula, ndi akufa amene ankabwerera kudzafunsa za mbewu zawo. Zinalembedwa m'Chingerezi, koma anthu ake ankakalipirana ngati azimayi a pampope kwathu kuno. Ndinkawamva mawu awo m'Chinyanja.

Buku lachiwiri ndi limene linandipezera mnzanga. Tinaligwira pamodzi kwa bambo woyala mabuku uja, ine mbali ino, iye mbali inayo, aliyense osafuna kusiya. Anali mayi wamtali, woluka tsitsi pamsika wa ku Chazanga, makolo ake a ku Kasama.

"Nayamba ndine kuligwila," anatero.

"Ine naliona nikali kutsidya kwa msewu," ndinayankha.

Wogulitsayo anaseka n'kutiuza kuti tigawane mtengo, tiziwerenga mosinthana. Tinachitadi zimenezo, ndipo chinzathu chinayambira pamenepo. Buku lachitatu tinalipezanso movutikira, lina lothothoka masamba, koma lonse linalipo.

Amalume maso awo sagwirizana ndi zilembo zing'onozing'ono, ndiponso Chingerezi cha m'mabuku chimawatopetsa. Ndiye magetsi akazima, makina opalira matabwa atakhala chete, ndinkawafotokozera zimene ndawerenga, iwo akupala ndi manja. Poyamba ankati ndi zamasewera a ana. Koma tsiku lina ndinadumpha gawo lina chifukwa cha kutopa, iwo n'kuimitsa ntchito.

"Iwe, wasiya pati? Dzulo unati m'bale wake uja wam'pereka kwa mafumu. Lero ali bwanji pamsika?"

Kuyambira tsiku limenelo sindinadumphenso kanthu.

Buku lachitatu linathera poipa. Mafumu anamugwira mkazi uja, anamuswera chipanda, n'kumutsekera m'phanga la mchere, mwana wake wamkazi ali panja akumenya mwala wa pakhomo ndi manja. Patsamba lomaliza panalembedwa kuti nkhaniyi idzathera m'buku lachinayi. Tinadikira. Mwana wanga woyamba anamaliza pulayimale, denga la shedi tinalisintha, mnzanga anasamuka nyumba kawiri. Buku lachinayi osatuluka. Amalume ankati akaona ndagwira foni, amafunsa, "Watuluka m'phanga muja?" Ine n'kupukusa mutu.

Ndiye m'mawa wina, nyengo yozizira, mnzanga anaimba foni akupuma mothamanga.

"Mwana, yangana pa tsamba yao! Buku yatsopano yabwela!"

Ndinasiya nsalu pansi pa singano. Patsamba la pa intaneti la wolembayo panalidi chithunzi cha buku latsopano, chikuto chakuda chokhala ndi zilembo zagolide. Koma nditawerenga bwino ndinaona kuti si lachinayi lija. Linali la nthano zifupizifupi za m'dziko lomwelo la mitambo yomangidwa. Ndinakhumudwa pang'ono, kenako ndinadzitonthoza. Wanjala sasankha ndiwo. Mwina m'nthano zimenezo muli mawu a mkazi uja, ndinaganiza choncho, mwina muli kanjira kotulukira m'phanga.

Bukulo linkapezeka m'sitolo imodzi yokha, ya m'nyumba zazikulu zamalonda kumayadi. Kuchokera kwathu ndi ulendo wa pansi, njira yomwe amayenda m'mawa uliwonse anzathu ogwira ntchito m'nyumba za mabwana. Ndinapita Loweruka masana nditaweruka, ndili ndi ndalama imene ndinkaganiza kuti ikwanira ndi kutsalako ya mabanzi a ana.

Ndinalipeza pa tebulo lapakati, mabuku ataunjikidwa mokongola ngati keke ya ukwati. Nditalinyamula, dzanja linadabwa. Linali lopyapyala, losafika ngakhale theka la mabuku aja, ndipo linali lokutidwa ndi pulasitiki yomatirira. Ndinalitembenuza kuti ndione mtengo. Ndinayang'ana kawiri, kuganiza kuti mwina maso andinamiza. Ndalama imeneyo inali yogula matumba awiri aakulu a ufa, n'kutsalako ya thumba la makala.

Ndinapita kwa mtsikana wogulitsa. "Ba sisi, ningasegule nione mukati?"

"Pepani amai, sitilola kuchotsa pulasitiki. Mukasegula ninshi mwagula."

"Manje nizaziba bwanji vamene nigula?"

Anangomwetulira mwaulemu, ngati munthu amene wafunsidwapo funso limenelo. Ndinalibwezera pamulu paja ndi kubwerera kwathu manja ali m'khosi.

Amalume nditawauza mtengowo anachotsa pensulo kukhutu n'kuiyang'ana, ngati ndiyo yawalakwira.

"Buku limenelo lili ndi miyendo? Munthu angakhalepo?"

"Ayi amalume."

"Ine mpando wa mtengo umenewo ndimaupala masiku, ndipo wogula amayamba waukhalira kaye, n'kuugwedeza, n'kuuzonda kunsi. Iwe akuti ugule chinthu chomangidwa m'pulasitiki?"

Ndinavomereza kuti akunena zoona. Koma mtima sunamve. Ndikamasoka ndinkangoona chikuto chakuda chija. Ndinali ndi ndalama imene ndinkasunga kuti ndigule mota ya mashini, chifukwa maondo anali atayamba kudandaula ndi kupalasa. Ndinatapako. Mnzanga naye anaikapo yake ya kuluka mitu ingapo. Amalume ataona kuti sindibwerera m'mbuyo anangoti, "Mwana akalirira nyanga ya msatsi, msemere imufotere yekha."

Nditaligula, tinalitsegulira m'shedi momwemo, Loweruka lotsatira, dzuwa likupendeka. Mnzanga anabwera kuchokera ku Chazanga atavala ngati akupita ku tchalitchi. Tinakhala pa sofa ya kasitomala imene inali isanamalizidwe, amalume atakhala pa benchi yawo akunamizira kunola tchizulo. Ndinang'amba pulasitiki ndi lumo langa losokera.

Pepala lake linali labwino, losalala, lonunkhira. Koma zilembo zinali zikuluzikulu ngati za buku la ana oyamba sukulu, m'mbali mwa tsamba lililonse muli malo oti munthu n'kudzalamo chimanga. Pakati pa nthano ndi nthano panali chithunzi, kenako tsamba loyera lopanda kanthu. Ndinayamba kuwerenga yoyamba mokweza. Ndisanamalize ndime, mnzanga anandigwira mkono.

"Imilila. Iyi ni ija ya mtsinje wamene unakana kuwolotsa mfumu. Tinaibelenga kudala pa foni."

Zinali zoona. Wolembayo ankaika nthano zina patsamba lake kwaulere m'zaka zimene tinkadikira zija, ndipo ife tinkaziwerenga zonse, kuthera mabandulo. Ndinatsegula yachiwiri. Tinkaidziwa. Yachitatu ndinali nditawafotokozerapo kale amalume. Ndinapitiriza kutembenuza masamba mpaka kumapeto. Nthano yatsopano inali imodzi yokha, yomaliza, ndipo inali ya nkhalamba ina yogulitsa mchere imene m'mabuku aja inangotchulidwa modutsa. Pachikuto panalibe mawu alionse onena kuti nthanozi ndi zakale.

"Ndiye watuluka?" anafunsa amalume.

"Sanam'tchule n'komwe."

"Nanga mwagula chiyani?"

Mnzanga anaimirira n'kuyamba kuyendayenda m'shedimo akuyankhula Chibemba chothamanga chimene sindinachimve chonse, koma sanali madalitso. Ine ndinangokhala, buku lili pamiyendo. Chimene chinandipweteka kwambiri sichinali ndalama ayi. Chinali chakuti munthu ameneyu ndinkamutenga ngati wathu. Ndinkauza aliyense kuti kuli mwana wa ku Matero amene amalemba za anthu omanidwa mvula. Lero yemweyo wandigulitsa madzi amene anandipatsa kale aulere.

Lolemba ndinapempha amalume kuti ndichoke msanga, ndinabwerera kusitolo kuja. Mtsikana yemwe uja anandikumbukira. Anamvetsera bwinobwino, anapita kukafunsa abwana ake, anabwerako akupukusa mutu. Buku lotsegulidwa silibwezedwa. Koma ndikutembenuka kuti ndizipita, anandiitana motsitsa mawu.

"Amai, bamene banalemba bazabwela kuno mwezi wa mawa. Bazankala pa tebulo apa kusaina mabuku. Kapena mungakambe nabo mweka."

Mnzanga anati tisavutike, tingolemba madandaulo athu patsamba lawo. Tinalemba, mwaulemu koma mosabisa mawu. Pofika madzulo mawu athu anali atakwiririka pansi pa mauthenga a anthu akunja oyamikira kukongola kwa chikuto. Palibe anatiyankha. Pamenepo ndi pamene ndinatsimikiza mtima kuti ndipita ndekha, ndikawayang'ane m'maso.

"Uzachita nsoni iwe," anatero mnzanga. "Kuja kuzankala ba mayadi na vizungu vao. Uzangomwetulila, basaine, ubwele."

"Ukabwele uone."

Amalume sanandiletse. Anangoti, "Ukanene zimene zakupweteka, koma usakatukwane. Ndi mayi wamkulu, ndiponso ndi mlendo ngakhale kwawo n'konkuno."

Mwezi wonsewo ndinkakonza mawu anga m'Chingerezi, kuwabwereza uku ndikupalasa mashini. Ndinkafuna kuti akamveke ngati a munthu wophunzira, kuti asakandione ngati wongofuna kubwezeredwa ndalama.

Tsikulo linali Loweruka m'mawa. Ndinavala diresi langa la chitenje limene ndinadzisokera, buku ndinaliika m'chikwama. Mnzanga anandipeza pakhomo la sitolo. Mkati anali ataika mipando, ndipo anthu anali ambiri kuposa mmene ndinkaganizira, ena ndi ana awo, ena atanyamula mabuku atatuatatu oti akapatse abale. Fungo la mafuta onunkhira linali thoo. Tinaima kumbuyo, pafupi ndi shelefu ya mabuku ophikira.

Wolembayo atalowa ndinadabwa. Pazithunzi ankaoneka wamtali, wowala. Pamaso anali mayi wamfupi, imvi zitayamba, atavala juzi yotuwa ngakhale kunja kunkatentha. Ankaoneka wotopa. Anawerenga ndime zingapo za nthano ya nkhalamba ya mchere ija, mawu ake otsika, anthu n'kuomba m'manja. Itafika nthawi ya mafunso ndinakweza dzanja. Bambo woyendetsa mwambowo analoza wina wakutsogolo, kenako wina, kenako wina. Ankafunsa kuti nzeru zolembera amazitenga kuti, amadzuka nthawi yanji. Dzanja langa linatopa lili m'mwamba mpaka anati mafunso atha, tifole pamzere wosainitsa.

"Tiye tizipita," ananong'ona mnzanga.

"Sinipita."

Ndinafola. Mzere unkayenda pang'onopang'ono chifukwa aliyense ankafuna kujambulitsa. Nditafika pa tebulo, mayiyo anatambasula dzanja kuti alandire buku, maso ali pa cholembera. Ine sindinalipereke. Ndinatsegula pakamwa, ndipo Chingerezi chonse chimene ndinakonza mwezi wathunthu chinathawa. Chinatsala ndi Chinyanja cha m'komboni.

"Amai, ine nachokela ku Kalingalinga. Nimasoka masofa. Mabuku yanu yatatu nayabelenga yonse, nabauzako na bamalume banga bamene sibakwanisa kubelenga. Iyi buku nagula na ndalama yamene nenze kusungila mota ya mashini. Nafika kunyumba, napeza nkhani zonse ni zija munatipasa kudala pa foni. Yatsopano ni imozi chabe. Nifuna muniuze, mwatichitila chani ivi?"

Anakweza mutu. Bambo woyendetsa mwambo uja anasendera pafupi, koma mayiyo anamuimitsa ndi dzanja. Kenako anayankha m'Chinyanja cholemera, cha munthu amene wakhala nthawi yaitali osachiyankhula.

"Mwana wanga, mtengo sindine nimaika. Ni bamene basindikiza, kuja kunja. Buku ikafika kuno, baikapo ya ndeke, ya msonkho, ya sitolo."

"Ivo namvela. Koma nkhani zakale munavomela ndimwe."

"Navomela ndine." Anaika cholembera pansi. "Buku yachinayi yachedwa maningi. Bananiuza kuti nitulutseko chinthu kuti banthu basaniibale. Nenze nilibe chinthu china."

"Nanga yachedwa chifukwa chani? Ise tiyembekeza. Mwana uja akali panja pa phanga."

Apa anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Nikuuzeni zoona? Mai wake ninamutsekela muja osaziba mwamene nizamuchotsela. Nalemba, nang'amba. Nalemba futi, nang'amba. Njila iliyonse yamene napeza ni yabodza, ndipo imwe mungazibe kuti ni yabodza."

Sindinayembekezere yankho limenelo. Ndinkaganiza kuti munthu wolemba amadziwa mathero asanayambe, ngati mmene ine ndimadziwira maonekedwe a sofa ndisanadule nsalu. Chifundo chinandigwira, koma sindinalole kuti chindiiwalitse chimene ndinabwerera.

"Pepani pa ivo. Koma sembe munalemba pa chikuto kuti nkhani izi zinatulukapo kale. Munthu asankhe eka. Buku baimanga mu pulasitiki, sitingaone mukati. Ba mayadi bangagule chifukwa cha chikuto, ise sitingakwanise."

Anayang'ana buku limene linali m'manja mwanga, ngati akuliona koyamba. "Apo mwakamba zoona," anatero. Kenako anatsegula chikwama chake n'kuyamba kufufuza. "Lekani nikubwezeleni ndalama yanu."

"Awe amai. Sininabwelele ndalama. Mukanibwezela ine, nanga benangu bamene banagula monga ine? Nifuna chabe pa chikuto pazinkala zoona. Na ise ba mu komboni mutikumbukileko, ngakhale ka buku ka pepala wamba."

"Siningalonjeze," anayankha. "Nizakamba nabo. Koma siningalonjeze."

Bambo uja anayamba kuloza wotchi yake. Mayiyo anatambasulanso dzanja, ndipo ulendo uno ndinapereka bukulo. Anafunsa dzina langa kuti alembe. Ndinaganiza za mnzanga amene anaikapo ndalama yake, ndi amalume, ndipo ndinati angolemba kuti ndi la anthu a m'komboni. Analemba choncho, n'kusaina pansi.

Tili panja, mnzanga anandimenya paphewa. "Iwe mwana, nenze kuganiza uzakomoka!" Tinagula madzi ozizira pa kantemba, tinakhala pa mwala m'mbali mwa msewu. Mkwiyo unali usanathe. Mayi uja sanandinyoze, sananame, koma mtengo unali womwewo, ndipo buku linali lopyapyala chimodzimodzi.

Pamwala pomwepo ndi pamene tinagwirizana chochita. Ndinati buku limeneli ladya ndalama yambiri, ndiye lisagone pa shelefu. Ligwire ntchito ngati bulu. Aliyense wa m'makomboni amene akulilakalaka asatayenso ndalama yake, adzabwereke lathuli, ndipo tizimuuziratu kuti nthano yatsopano ndi yomaliza yokha.

Ndinalisokera chikuto cha nsalu yotsala ya sofa, yofiirira, yolimba, chokhala ndi kachingwe komangira. Mnzanga analengeza m'gulu lina la pa foni la anthu okonda mabuku a mayiyo, limene ine sindinkadziwa n'komwe kuti liliko. Lamulo linali losavuta: osalipira kanthu, osapinda masamba, ukamaliza ubweze ku shedi.

Sindinkayembekezera kuti kubwera anthu ambiri. Woyamba anali mlonda wa ku komboni la George amene amagwira ntchito pa geti ina kumayadi. Anafika atavala yunifolomu, anasamba m'manja pa ndowa yathu asanaligwire. Kenako mphunzitsi wa ku Mtendere, kenako mayi wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku Matero amene anati anakulira mumsewu umodzi ndi wolembayo, ngakhale sindikudziwa ngati zinali zoona. Ena anali asanawerengepo nthano za pa foni zija chifukwa chosowa mabandulo, ndiye kwa iwo zonse zinali zatsopano, ndipo ankabweza buku akusangalala. Zimenezi zinkandisokoneza. Ndinkafuna kuti aliyense akwiye ngati ine.

Amalume ankadandaula kuti shedi yasanduka sukulu, anthu akungokhalira masofa a makasitomala n'kumakangana za mitambo. Koma mphunzitsi uja atagula timipando tiwiri ta ana ake, kudandaulako kunachepa.

Nthano yomaliza ija ndinatenga nthawi ndisanaiwerenge bwinobwino. Ndinkaikwiyira. Tsiku lina magetsi atazima, buku lili pakhomo podikira wobwereka wina, amalume anati, "Tatiuza ya nkhalamba ya mchereyo, poti tinailipira." Ndinawerenga ndime ndi ndime, kumasulira m'Chichewa. Inali ya nkhalamba imene inkayenda ndi mbalame yake yokalamba, yosathanso kuuluka, ndipo m'malo moigulitsa kwa opha nyama, inkasenza yokha matumba a mchere, mbalameyo ikuyenda pambuyo. Nditamaliza, amalume anasisita thabwa ndi chikhatho.

"Mayi ameneyu kulemba amatha," anatero. "N'chifukwa chake akupweteketsa mtima."

Ndinagwirizana nawo, ndipo zinandikwiyitsanso kwambiri kuti nthanoyo inali yabwino chotero.

Patapita miyezi, wolembayo analemba patsamba lake kuti akupepesa kwa owerenga amene anagula bukulo osadziwa kuti nthano zambiri zinatulukapo kale, ndipo anati likadzasindikizidwanso adzalembapo. Za mtengo sananene kanthu. Mnzanga ananditumizira uthengawo akuti ndi ntchito yanga. Ine sindikudziwa. Mwina tinadandaula ambiri. Nditadutsa kusitolo kuja ndinapeza mulu uja utachepa pang'ono, pulasitiki ili pomwepo, mtengo uli womwewo. Buku lachinayi mpaka lero silinatuluke. Likadzatuluka ndidzapita, koma ndidzaima pa tebulo mpaka wina atalitsegula ndione mkati. Mota ya mashini ndinagula mochedwa, mvula itayamba kale.

Mvula yomweyo ndi imene inatsala pang'ono kutilanda bukulo. Linali kwa mayi wina wa ku Kanyama, wophika vitumbuwa, ndipo madzi atasefukira analowa m'nyumba mwake mpaka m'maondo. Anabwera ku shedi atalikulunga m'chitenje, maso ali pansi, akuti sakudziwa kuti alipira bwanji. Nditamasula ndinapeza litafufuma, masamba atamatirirana, msana utasweka, zilembo zagolide zitasuluka. Iye anali atataya matiresi ndi ufa wonse, koma ankapepesa za buku.

Ndinamuuza kuti akhale pansi, amalume anamupatsa siponji yotsala yoti ana agonepo. Dzuwa litatuluka ndinalekanitsa masambawo limodzilimodzi ndi mpeni wopyapyala, n'kuwayanika pa matabwa, timiyala pamwamba kuti asauluke. Masamba oyera opanda kanthu aja ndinawachotsa, sanali ndi ntchito. Otsalawo ndinawasanja, ndinaboola m'mphepete ndi chisongole, n'kuwasoka ndi ulusi wokhuthala wa masofa. Linatuluka lokwinyika, lonunkha chinyezi, koma mawu onse ankawerengeka.

M'mawa mwake kunabwera namwino wa ku Chawama amene anali atadikira nthawi yaitali. Analitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa ngati ndi lomwe lija la kusitolo. Ndinati ndi lomwelo, ndipo ndinamuuza kuti akalisunge pamwamba pa kabati, osati pansi.